Reinildo Mandava ndi Beira, mzinda womwe udamulera

Reinildo Isnard Mandava ndi katswiri wa mpira wamiyendo wa dziko la Moçambique. Amasewera motchinga kumbuyo, mbali yakumanzere. Adabadwira mumzinda wa Beira, likulu la chigawo cha Sofala, pa 21 Januwale 1994. Wasewera m'maligi akuluakulu a mayiko anayi a ku Ulaya, omwe ndi Portugal, France, Spain ndi England. Adapambana ligi ya France ndi timu ya Lille mu 2021, adakhala zaka zitatu ndi theka ku Atlético de Madrid, ndipo mu 2025 adakhala wosewera woyamba wa timu ya Mambas kulowa m'bwalo mu Premier League ya ku England.

Ulendo wake udayenda pang'onopang'ono. Adachoka m'dziko muno ali ndi zaka 21, adatha zaka ziwiri ndi theka ku Portugal asadaponde ligi yaikulu ya dzikolo, ndipo chikho chake choyamba cha ku Ulaya adachikweza ali ndi zaka 27. Mpira wake adauphunzirira ku Beira, m'timu ya anthu ogwira ntchito panjanji.

Malo ndi mbiri ya Beira

Beira ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, pomwe mtsinje wa Púnguè umathira m'nyanjamo. Mtsinje wa Búzi nawo umathira chapafupi, chakummwera kwa mzindawu. Kalembera wa 2017 adapeza kuti muli anthu opitirira theka la miliyoni. Ambiri amalankhula Chisena, Chindau ndi Chipwitikizi. Chisena ndi chapachibale ndi Chinyungwe cha ku Tete, ndipo munthu wolankhula Chichewa amatolamo mawu ambiri ndithu.

Mzindawu udayamba mu 1887 ngati msasa wa asilikali a Chipwitikizi pafupi ndi kamtsinje ka Chiveve. Dzina loti Beira lidaperekedwa polemekeza Luís Filipe, mwana wa mfumu ya Portugal, yemwe udindo wake unkatchedwa Príncipe da Beira ndipo adayendera malowa mu 1907. Pa 20 Ogasiti chaka chomwecho Beira idakwezedwa kukhala mzinda, ndipo mpaka lero anthu ake amakondwerera tsikuli chaka ndi chaka. Kufikira 1942, Beira pamodzi ndi dera lonse la Manica ndi Sofala zinkalamulidwa ndi kampani ya zamalonda yotchedwa Companhia de Moçambique, osati mwachindunji ndi boma la ku Lisboa.

Beira idamangidwa pamalo otsika komanso achinyontho. Nyanja ikadzala ndipo mvula ikagwa nthawi yomweyo, madzi amasowa kolowera ndipo amadikha m'misewu ndi m'nyumba. Madera odziwika a mzindawu ndi monga Munhava ndi Manga, komwe kumakhala anthu ochuluka, Maquinino, Chaimite, Ponta-Gêa, Praia Nova ya asodzi, ndi Macuti komwe kuli nsanja yakale younikira sitima zam'madzi.

Doko ndi njanji

Chuma cha Beira chagona padoko. Katundu wambiri wa Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi zigawo zapakati za Moçambique amalowera ndi kutulukira pamenepa. Njanji yochokera ku Beira idafika ku Mutare mu 1898. Ina, yotchedwa njanji ya Sena, imalowera kumpoto. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu, udatsegulidwa mu 1935 pamtsinje wa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, ndipo nthambi yopita ku Moatize idamalizidwa mu 1949. Kuchokera ku Beira palinso paipi yonyamula mafuta agalimoto mpaka ku Feruka, pafupi ndi Mutare.

Nkhondo yapachiweniweni idaononga njanji ya Sena ndipo sitima zidaleka kuyenda kwa zaka zambiri. Reinildo adabadwa patangopita chaka ndi miyezi itatu chisainirenicho mgwirizano wamtendere wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo chisankho choyamba cha zipani zambiri chidachitika m'chaka chomwe adabadwacho. Njanji idakonzedwa pambuyo pake, ndipo malasha a ku Moatize adayambanso kutsikira ku Beira pasitima mu 2011.

Kwa mlimi wa kumalire, Beira si mzinda wachilendo ngakhale adakhala asadaupondepo. Feteleza wambiri wothiridwa m'minda ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amatsikira padokoli, n'kudzakwera pamalole kudzera mumsewu wa N6 ndi N7, mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kufika mumzinda wa Tete. Fodya wa m'madera omwewa, akakonzedwa kufakitale ya ku Tete, amatsata njira yomweyo kubwerera kunyanja. Yunivesite ya Zambeze, yomwe likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi yophunzitsa zaulimi ku Ulónguè.

Mpira mumzinda wa njanji

M'mizinda yambiri ya Moçambique muli timu yotchedwa Ferroviário: ku Maputo, Beira, Nampula, Nacala, Lichinga ndi kwina. Onsewa ndi matimu a kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji, CFM. Ya ku Beira idakhazikitsidwa mu 1924. Imavala zobiriwira ndi zoyera, ndipo bwalo lake anthu amalitcha Caldeirão do Chiveve, kutanthauza mphika waukulu wa ku Chiveve, chifukwa alendo amapsamo.

Kwa nthawi yaitali chikho cha ligi ya dziko, yomwe lero ndi Moçambola, chinkangozungulira matimu a ku Maputo. Timu ya Têxtil do Púnguè idachibweretsa ku Beira mu 1981, kenako mzindawu udadikira zaka 35. Ferroviário da Beira idapambana Moçambola koyamba mu 2016, ndipo kachiwiri mu 2023. Mu 2017 idafika m'ndime ya matimu asanu ndi atatu otsiriza a mpikisano wa akatswiri a mu Africa, komwe idatulutsidwa ndi USM Alger ya ku Algeria.

Beira ndi kwawonso kwa Chiquinho Conde, wobadwa mu 1965, yemwe adagoletsa zigoli m'matimu a ku Portugal monga Belenenses, Sporting ndi Vitória de Setúbal. Iyeyu ndi amene adatsogolera União Desportiva do Songo, ya m'chigawo cha Tete, pomwe inkatenga chikho chake choyamba cha Moçambola mu 2017. Mu 2021 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa Mambas.

Chiyambi cha Reinildo

Reinildo adalowa m'timu yaikulu ya Ferroviário da Beira mu 2012, ali ndi zaka 18. Inali nthawi yomwe timuyi inkakwera. Idapambana chikho cha Taça de Moçambique zaka ziwiri zotsatizana, 2013 ndi 2014, iye ali m'gululo. Mu 2014 adaitanidwa koyamba kutimu ya dziko.

Ntchito ya wotchinga wa kumanzere ili pawiri. Amayenera kuletsa wothamanga wa timu ina kudutsa m'mbali mwa bwalo, komanso kuthamangira kutsogolo kukathandiza anzake ndi kuponya mipira pakhomo la adani. Reinildo adatchuka kwambiri pa mbali yoyambayo: kulanda mpira munthu ndi munthu, liwiro pobwerera, ndi kusaopa kugundana.

Mu 2015 adasamukira ku Liga Desportiva de Maputo. Sadakhalitseko. Mu Disembala chaka chomwecho timu ya Benfica ya ku Lisboa idamusainitsa.

Zaka zitatu za ku Portugal

Dzina la Benfica limalemekezedwa kwambiri m'dziko muno chifukwa cha Eusébio ndi Mário Coluna, omwe adachoka ku Lourenço Marques n'kukapambana nayo chikho cha matimu a ku Ulaya. Kwa Reinildo zinthu sizidayende choncho. Adaikidwa m'timu yachiwiri, Benfica B, ndipo sadasewereko timu yaikulu m'mpikisano uliwonse.

Kumayambiriro kwa 2017 adatumizidwa pangongole ku Fafe, timu yaing'ono ya kumpoto kwa Portugal yomwe inali m'ligi yachiwiri. Nyengo ya 2017 mpaka 2018 adabwereketsedwanso ku Sporting da Covilhã, m'tauni ya m'mapiri ozizira, nayonso ya m'ligi yachiwiri. Kupita pangongole kumatanthauza kuti wosewera akadali wa timu yomwe idamugula, koma amakasewerera ina kwa nthawi yoikika kuti asakhale pabenchi. Osewera ambiri a ku Africa amathera pa siteji imeneyi: mgwirizano ukatha amabwerera kwawo, kapena amangoyendayenda m'matimu aang'ono.

Ku Covilhã Reinildo adapeza mwayi wosewera sabata ndi sabata, ndipo matimu ena adamuona. Mu 2018 adasiyana ndi Benfica n'kulowa Belenenses, yomwe inali m'ligi yaikulu. Adangosewerako theka la nyengo. Kumapeto kwa Januwale 2019, Lille ya ku France idamutenga, poyamba pangongole, kenako idamuguliratu.

Namondwe wa Idai

Patangopita masabata asanu ndi limodzi Reinildo atafika ku France, mzinda wakwawo udagwa m'tsoka. Usiku wa pa 14 kuchera pa 15 Malichi 2019, namondwe wa Idai adatera pafupi ndi Beira. Mphepo idasasula madenga a nyumba, masukulu ndi zipatala, magetsi ndi mafoni zidaduka, ndipo madzi adadula msewu wa N6 kotero kuti kwa masiku angapo mzindawu sunkafikika pagalimoto. Mitsinje ya Búzi ndi Púnguè idasefukira n'kumiza midzi ndi minda mbewu zili pafupi kukololedwa. Anthu oposa 600 adamwalira m'dziko muno mokha, ndipo pambuyo pake kudabuka kolera.

Mvula ya namondwe yemweyu inali itavutitsa kale kummwera kwa Malawi ndi chigawo cha Tete kumayambiriro kwa mweziwo, pomwe mtsinje wa Revúbuè udasefukira. Mu Januwale 2021 namondwe wina, Eloise, adakanthanso Beira. Kuyambira nthawi imeneyo nkhani yaikulu ya mzindawu ndi ya ngalande zotulutsa madzi ndi zotchinga za m'mphepete mwa nyanja, chifukwa doko likaima, mitengo ya mafuta ndi feteleza imamveka mpaka kumalire.

Chikho cha France

Ku Lille, pansi pa mphunzitsi Christophe Galtier, Reinildo adayamba ngati wodikira pabenchi. Malo ake m'timu adawapeza pang'onopang'ono, ndipo m'nyengo ya 2020 mpaka 2021 ndiye ankadaliridwa kumanzere. Chaka chimenecho Lille idachita zomwe ambiri sankayembekezera. Idamaliza ndi mapointi 83, pointi imodzi pamwamba pa Paris Saint-Germain ya Neymar ndi Kylian Mbappé, yomwe inali ndi ndalama zochuluka kwambiri kuposa matimu onse a dzikolo. Chikho chidatsimikizika pa tsiku lomaliza, 23 Meyi 2021, Lille itagonjetsa Angers 2-1.

Mphamvu ya timuyi inali kumbuyo. Pamasewero 38 idangomwetsedwa zigoli 23, zochepa kuposa timu ina iliyonse. Reinildo adasankhidwa m'gulu la osewera 11 opambana a ligiyo m'nyengo imeneyo. Pa 1 Ogasiti 2021 Lille idagonjetsanso Paris Saint-Germain 1-0 pa masewero otsegulira nyengo yatsopano, ndipo adakweza chikho chachiwiri.

Atlético de Madrid ndi kuvulala kwa bondo

Pa 31 Januwale 2022, tsiku lotseka msika wa osewera, Reinildo adapita ku Atlético de Madrid. Mphunzitsi wake, Diego Simeone wa ku Argentina, amadziwika ndi mpira wotchinga molimba, ndipo Reinildo adalowa m'timu yoyamba mosachedwa. Nthawi zina ankasewera m'mbali, nthawi zina pakati monga mmodzi wa otchinga atatu. Patangopita masabata ochepa adali m'timu yomwe idatulutsa Manchester United mu Champions League, itapambana 1-0 pabwalo la Old Trafford mu Malichi 2022. M'ndime yotsatira Atlético idagonja kwa Manchester City ndi chigoli chimodzi chokha pamasewero awiri.

Pa 25 Febuluwale 2023, pamasewero a pachiweniweni ndi Real Madrid pabwalo la Santiago Bernabéu, adavulala bondo ndipo adatuluka m'bwalo atanyamulidwa. Udaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo womwe umagwira mafupa a mwendo kuti asagwedezeke. Vuto limeneli limafuna opaleshoni ndi miyezi yambiri yolimbitsa mwendo, ndipo ena sabwereranso pamphamvu zawo zakale. Reinildo adabwerera m'bwalo chaka cha 2023 chikupita kumapeto. Adakhala ku Atlético mpaka mgwirizano wake udatha pakati pa 2025.

Mu yunifolomu ya Mambas

Moçambique idasewera m'chikho cha mayiko a mu Africa mu 1986, 1996, 1998 ndi 2010, osapambana masewero ngakhale amodzi. Idabwereranso patapita zaka 14, itagonjetsa Benin 3-2 pabwalo la Zimpeto ku Maputo mu Seputembala 2023. Mpikisanowo udachitikira ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024, Reinildo atangochira kumene.

Mambas adalepherana ndi Egypt 2-2, Mohamed Salah atabweza chigoli pa penate m'mphindi zoonjezera, kenako adagonja 3-0 kwa Cabo Verde. Pa 22 Januwale adakumana ndi Ghana, yomwe inkatsogola 2-0 mphindi 90 zitakwana. Geny Catamo adagoletsa penate, ndipo patapita mphindi zitatu Reinildo adamenya ndi mutu mpira wa pakona n'kuulowetsa. Masewero adathera 2-2. Matimu onse awiri adatuluka, koma chigolicho chidaitsekera Ghana njira yomwe inali itatsala pang'ono kudutsa, ndipo mphunzitsi wake Chris Hughton adachotsedwa ntchito.

Pampikisano wotsatira, ku Morocco, Mambas a Chiquinho Conde adagonjetsa Gabon 3-2 mu Disembala 2025. Aka kadali koyamba Moçambique kupambana masewero m'chikhochi, ndiponso koyamba kudutsa ndime ya m'magulu. M'ndime ya matimu 16 adagonja 4-0 kwa Nigeria.

Sunderland

Mu Julayi 2025 Reinildo adasaina mgwirizano wa zaka ziwiri ndi Sunderland, timu ya kumpoto chakummawa kwa England yomwe inali itangokwera kumene kubwerera mu Premier League. Monga Beira, Sunderland ndi mzinda wa pathiriro la mtsinje womwe udakula ndi doko ndi malasha. Adasewera masewero ake oyamba pa 16 Ogasiti 2025, pomwe Sunderland idakwapula West Ham 3-0. Mwezi wotsatira adapatsidwa khadi yofiira pamasewero ndi Aston Villa chifukwa chomenya mnzake theche mpira utadutsa.

Asadafike iye, munthu wina wobadwira m'dziko muno adasewerapo m'ligiyi: Abel Xavier, wa ku Nampula, yemwe adali ku Everton, Liverpool ndi Middlesbrough. Koma Xavier ankaimira dziko la Portugal. Reinildo ndiye woyamba kufikako ali wosewera wa Moçambique.

Zaka ndi matimu mwachidule

2012: alowa m'timu yaikulu ya Ferroviário da Beira.
2013 ndi 2014: apambana Taça de Moçambique.
2015: Liga Desportiva de Maputo, mu Disembala asaina ndi Benfica.
2017: pangongole ku Fafe, kenako ku Sporting da Covilhã.
2018: Belenenses, m'ligi yaikulu ya Portugal.
2019: Lille, ku France.
2021: apambana ligi ya France.
2022: Atlético de Madrid, ku Spain.
2023: avulala bondo mu Febuluwale.
2025: Sunderland, ku England.

Njira yomwe wosewera amadutsa

Ulendo wa Reinildo udatsata makwerero odziwika a mpira: timu yolembetsedwa yakwawo, Moçambola, timu ya dziko, kenako Ulaya. Anzake ena a mu Mambas adadutsa mofananamo. Geny Catamo adachokera ku Black Bulls ya kummwera, n'kuyamba ndi timu yaing'ono ya Amora ku Portugal asadafike ku Sporting, komwe adapambana ligi mu 2024 ndi 2025. Luís Miquissone adaonekera ku União Desportiva do Songo asadapite ku Mamelodi Sundowns, Simba ya ku Tanzania ndi Al Ahly ya ku Egypt.

Kwa wachinyamata wa m'maboma a kumalire, makwerero amayambira m'matimu a m'boma ndi m'mpikisano wa chigawo. Opambana m'zigawo amalimbirana malo a mu Moçambola m'magawo atatu a dziko, kumpoto, pakati ndi kummwera. Tete ili m'gawo lapakati pamodzi ndi Sofala, Manica ndi Zambézia.

Malamulo awiri a bungwe loyendetsa mpira padziko lonse, FIFA, amakhudza mabanja ndi matimu aang'ono. Loyamba limaletsa kusamutsira kudziko lina wosewera wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Choncho munthu wouza makolo kuti apereke ndalama kuti akapereke mwana wa zaka 15 kutimu ya ku Ulaya akulonjeza chinthu chomwe malamulo salola. Nkhani za ana a mu Africa omwe adatengedwa chotero n'kukasiyidwa kunja opanda timu ndi zodziwika, ndipo n'chifukwa chake lamuloli lidaikidwa.

Lachiwiri limanena za ndalama. Wosewera akagulitsidwa kuchokera kutimu ya dziko lina kupita ku ya dziko linanso mgwirizano wake usadathe, magawo 5 pa 100 aliwonse a mtengowo amagawidwa kwa matimu omwe adamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Timu imalandira gawo lake pokhapokha ngati wosewerayo adalembetsedwa m'kaundula wa bungwe la mpira m'dzina la timuyo. Kulembetsako kumafuna kalata yakubadwa kapena chiphaso chokhala ndi zaka zoona. Timu ya kumudzi yomwe siidalembetse ana ake siingatsate kanthu, ngakhale mmodzi wa iwo atadzafika patali.

Reinildo adasewera m'timu yakwawo mpaka atapitirira zaka 20, ndipo mzinda womwe adakuliramo uli ndi timu yomwe yakhalapo zaka zoposa 100, yokhala ndi bwalo lake, aphunzitsi ndi kampani yoithandiza ndalama. M'chigawo cha Tete, timu yomwe ili ndi msana wotere ndi ya ku Songo, yothandizidwa ndi kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, ndipo idatenga chikho cha Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022.